Chiphaso Chomwe Ndinachapa

Lolemba, 4 Malichi

Andipatsa bedi lachitatu kuchokera pakhomo, loyandikana ndi zenera. Mwana wanga wachisamba wandisiyira kope ili ndi bolopeni. Akuti ndizilemba zonse zimene adokotala anena, chifukwa ine ndikamamufotokozera ndimathiramo mchere wanga.

Ndiyambe ndi zopanda mchere. Zaka 58. Kulemera makilogalamu 47. Khansa inayamba ngati kadontho kakuda kunsi kwa phazi lamanzere. Anakadula, koma n'kuti itayenda kale mpaka kuchiwindi. Kwa chaka ndi miyezi inayi ndakhala ndikulandira diripi kamodzi pa milungu itatu, mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi. Zotupa zinafota, kunyumba tinavina. Mwezi watha sikani yaonetsa kuti chimodzi chayambanso kukula. Mawa alowetsa singano kuti atengeko kachidutswa.

Anesi andimanga kalamba kapulasitiki pamkono, kolembedwa dzina ndi nambala. Akuti popanda kameneka sandipatsa ngakhale m'bulu umodzi wa mankhwala. Kandikulira, kakumatsetsereka mpaka pazala.

Nsalu za pabedi n'zoyera ndithu, koma amene anasita anali atapsa mtima. Ndasita nsalu za mabedi ku hotela zaka makumi atatu ndi chimodzi, mtima wa munthu ndimaudziwira pa kapindidwe kake.

Lachiwiri, 5 Malichi

Singano 10 koloko m'mawa. Anayamba ndi jakisoni wochititsa dzanzi, kenako ndinangomva kuti tha! kawiri. Ndigonere mbali yamanja maola anayi. Zotsatira pakatha sabata ndi theka.

Bedi lachiwiri pali mayi wina wathupi, wodwala m'matumbo, mwini saluni. Anesi amawatcha aWailesi. Pofika masana n'kuti ndikudziwa kale mayina a apongozi awo onse ndi zolakwa zawo. "Amayi anzanga," anandilangiza, "kuno musamagone masana, matenda amakonda munthu wogona." Pasanathe mphindi zisanu anayamba kuliza mkonono.

Pazenera ndikuona zingwe zoyanikira za chipatala. Nsalu zikufufuma ndi mphepo n'kuphwanso, kufufuma n'kuphwanso, ngati zikupuma. Ndaziyang'ana mpaka ululu unaiwala kuti ndilipo.

Lachitatu, 6 Malichi

Mwana wabwera ndi bambo ake. Anabweretsa supu m'fulasiki, buledi ndi malalanje atatu.

Ndilembe za amuna anga, poti kope silinawaone. Anali mlonda pageti la kumbuyo kwa hotela, lolowera antchito. Zaka zitatu zapitazo anayamba kuiwala. Poyamba makiyi, kenako njira ya kugolosale, kenako mayina a adzukulu. Ine anandisunga m'mutu mwawo mpaka chaka chatha. Ndiye mankhwala anga aja anadzutsadi chitetezo, koma m'kukalipa kwake chinadyanso utoto wa khungu langa. Nkhope yonse inachita mawanga oyera ngati malaya otayikira bulichi, nsidze zinachita mbuu, masaya analowa. Tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa tiyi anandilandira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo mayi. Kodi akazi anga aweruka nthawi yanji?"

Kuyambira tsiku limenelo ndine mayi wachifundo wa m'nyumbamo.

Lero anafika pabedi, anavula chipewa. "Pepani mayi ndi matendawa. Mulimbe mtima, muchira." Kenako anatembenukira mwana: "Tiye iwe, amayi ako atipeza tisanafike kunyumba." Nthawi yonse yotsala anakakhala pabenchi la pakhomo la wodi, msana uli chilili, kuyang'ana olowa ndi otuluka.

Zachiwindizi ndikuziopa, sindinama. Koma chimene ndikufuna kwambiri n'chakuti bambo amenewa andidziwe, ngakhale kamodzi kokha, ndisanapite.

Lachisanu, 8 Malichi

Magazi ali bwinoko. Maso achita chikasu pang'ono. Makilogalamu 46 ndi theka.

Adokotala anga ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga, wanzeru zoopsa, koma kolala ya gawuni yawo inapindikira m'kati ndipo manja anga amayabwa ndikaiona. Lero anakoka mpando n'kukhala. Dokotala akakhala pansi, dziwani kuti nkhani ndi yaitali.

"Amayi, thupi lapangidwa ndi timaselo tosawerengeka. Kaselo kalikonse kamavala kanthu kunja kwake, koonetsa zimene kakupanga m'kati. Asilikali a m'thupi amayendayenda n'kumawerenga. Akaona zachilendo, amakapha kaseloko."

"Chiphaso," ndinatero. "Chapachifuwa."

"Eya, tinene choncho. Mankhwala anu aja sapha khansa. Amangogwedeza asilikali kuti asagone pantchito. Ndipo anagwiradi ntchito, anapha maselo onse a khansa amene anali ndi chiphaso."

"Nanga ichi chikukulachi?"

"Tikukayikira kuti kamodzi kanasiya kuvala chiphaso. Anzake ataphedwa iko kanatsala, kanaberekana, ndipo ana ake onse ndi opanda chiphaso. Asilikali amadutsa pomwepo, koma alibe choti awerenge. Vuto tikuganiza kuti lili m'majini."

AWailesi, amene ndimayesa ali m'tulo, anavundukula bulangete. "Ndinanena ine! Majini! Amayi anzanga, amenewo sachoka ndi diripi, amafuna mapemphero amphamvu!"

"Osati amenewo amayi," adokotala anatero akuluma mlomo kuti asaseke. "Majini amene ndikunena ndi malangizo olembedwa m'kaselo kalikonse. Munthu amatengera kwa makolo ake."

"Ee, amachokeradi kwa makolo. Azakhali anga anali nawo."

Ndinaseka mpaka pabala panakoka. Adokotala anadikira, kenako anandiuza chimodzi chimene ndachilemba ndi zilembo zazikulu kuti mwana aone: CHOLAKWIKACHO CHACHITIKA M'CHOTUPAMO. SINDINABADWE NACHO, SINDINAMUPATSIRE.

Loweruka, 9 Malichi

Mankhwala a ululu akundigonetsa masana. Lero ndalota geti.

Kunali m'mawa, nkhungu ili phii. Antchito anali pamzere wautali kuseri kwa hotela, ndipo onse anali ndi nkhope yanga yakale, yopanda mawanga. Aliyense amafika n'kutulutsa chifuwa. "Ine wa kuchiwindi, ndimasefa." "Ine wa kukhungu, ndimapaka utoto." Alonda amawerama, kuwerenga, kukodola. Koma pakati pa mzerewo pamadutsa ena, mwakachetechete, atavala masokosi okha, pachifuwa palibe kanthu. Alonda amawayang'ana ngati akuyang'ana pagalasi la zenera. Ndinafuna kukuwa koma m'kamwa munadzaza thovu la sopo. Kanyumba ka pageti kanali kopanda munthu, chipewa chokha chili pamsomali.

Nditadzuka ndinawafotokozera aWailesi mmene ndinakumanirana ndi mwini chipewacho.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, sabata yanga yoyamba kochapira. Ziphaso za masiku amenewo zinali zakatoni, zomangira ndi kapini. Changa ndinachiiwala m'thumba la epuloni, epuloni n'kulowa m'madzi. Chinatuluka chili phala. M'mawa mwake ndinayesa kulowa nditabisala kumbuyo kwa mayi wina wamkulu thupi wa kukhitchini. Ndinangoona mkono wapingasa.

"Mayi, chiphaso?"

"Ndachichapa."

Mnyamatayo sanaseke, sanakalipe. Anandiyang'ana ngati ndanena zanzeru. "Chauma?"

"Sichinaume."

"Ndiye khalani apa mpaka chiume."

Anandikhazika pabenchi lake ola lathunthu mpaka akapitawo atabwera kudzanditenga. Anandithirira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki yake. Patapita zaka ziwiri tinakwatirana. Ndipo moyo wathu wonse, ndikamafika pakhomo la nyumba yathu yomwe, mkono umapingasa. Chiphaso? Ndachichapa. Chauma? Ana ankatchinga m'makutu. Masewera amenewa anatha pamene anayamba kuiwala. Sindikudziwa tsiku lomaliza linali liti, palibe amene anandiuza kuti ndilo lomaliza.



Lolemba, 11 Malichi

Thupi latentha, 38.9. Diripi ina ya mankhwala opha tizilombo, katatu pa tsiku. Sindinadye. Denga likuyandama ngati nsalu yoviikidwa m'bafa.

Lachiwiri, 12 Malichi

37.8. Ndamwa tiyi theka la kapu. Kalamba kagwera m'bulangete kawiri, anesi akamatira ndi pulasitala.

Lachitatu, 13 Malichi

Kutentha kwatsika. Makilogalamu 45. Ndadya dzira lowiritsa ndi nthochi.

Ndinafunsa adokotala kuti kwenikweni akufufuza chiyani m'kachidutswa kaja, poti masiku akuchuluka.

Akuti chiphaso chimasowa m'njira ziwiri. Nthawi zina malangizo opangira chiphaso amakhala alipo bwinobwino, kungoti kaselo kawatsekera, sikakuwawerenga. Pamenepo pali njira zoyesera kukakakamiza kuti kawatsegule. Koma nthawi zina malangizowo amakhala atawonongeka. Chiphasocho chili ndi zigawo ziwiri, chachikulu ndi kakang'ono kochichirikiza. Kakang'onoko kakasowa, chachikulu chimalephera kuima, chimangogwera m'kati, sichifika kunja n'komwe.

"Kapini," ndinatero.

"Kapini. Ndipo malangizo a kapini kaselo kamakhala nawo awiri, ochokera kwa amayi anu ndi ochokera kwa abambo anu. Amodzi akatayika, enawo amagwirabe ntchito. Koma khansa imagawikana mothamanga, imakopera malangizo mosasamala. Enawonso akalakwika, basi."

"Ndiye mukufuna kudziwa ngati chiphaso chili m'thumba kapena chinachapidwa."

"Amayi, mundilole mawu amenewo ndikawagwiritse ntchito pophunzitsa."

"Tengani. Koma mubweretse gawuniyo ndikusitireni kolala."

Masana mwana anabwera yekha. Akuti bambo ake adzuka ovuta, akufunafuna yunifolomu yawo, akuti achedwa kuntchito. Ndinamufunsa kuti, kodi iwe ukuganiza kuti ine m'mutu mwa abambo akomo ndili m'thumba kapena ndinachapidwa? Iye anati, "Amayi, musandifunse zimenezo," n'kuyamba kusenda lalanje lomwe palibe analifuna. Ndinalakwa. Mwanayu akusenza odwala awiri pamutu umodzi.

Lachinayi, 14 Malichi

AWailesi apita kunyumba, opaleshoni yawo yapola. Asananyamuke anandipesa tsitsi, anandijambula nsidze ndi pensulo yawo, n'kufuna kundipaka zodzola zobisa mawanga. "Loweruka kapena Lamlungu bambowo akamabwera, akupezeni muli ngati kale. Mwamuna amadziwa nkhope, amayi anzanga, zina zonsezi ndi nkhani chabe."

Ndinawalola. Ndinadziyang'ana pakagalasi kawo ndipo ndinaona mayi wina wachilendo, wooneka bwino ndithu, koma ngakhale ine sindikanamutsegulira geti. Njira imeneyi mwana anaiyesa kale chaka chatha, pamodzi ndi diresi langa lakale ndi zithunzi za ukwati. Bambo anayang'ana chithunzi, analoza n'kunena kuti, "Awa ndiwo akazi anga," kenako anandipatsa ine kuti ndiwaone.

Atangotuluka aWailesi ndinapukuta zonse ndi thaulo. Bedi lawo aliyala kale. Wodi yangoti zii.

Masana ndinalotanso geti lija. Ulendo uno nsalu zoyanika zimayenda zokha pamzere, zikudontha madzi.

Lachisanu, 15 Malichi

Zotsatira zafika. Adokotala anakokanso mpando.

Chinachapidwa. Malangizo a kapini, amodzi anatayika, enawo ali ndi cholakwika pakati penipeni. Pa maselo a chotupa palibe chiphaso ngakhale chimodzi. Diripi yanga ija aisiya, chifukwa kudzutsa asilikali opanda choti awerenge n'kungowatopetsa, n'kutopetsanso ine.

Sindinalire. Ndinayang'ana zingwe zoyanikira, lero zinali zopanda kanthu. Kenako china chinandikwiyitsa.

"Adokotala, alonda anuwo anaphunzira kuti ntchito? Amuna anga akhala pageti zaka makumi atatu. Ankati wachiphaso chabodza ndi wovuta, pamafunika maso. Koma wopanda chiphaso ndiye woyamba kumuimitsa. Sadutsa ameneyo."

Anamwetulira pang'ono. "Amuna anu ananena zoona. Thupi lili ndi alonda a mtundu winanso. Amenewo sawerenga zolembedwa, amangoyang'ana ngati chiphaso chilipo. Akapeza pachifuwa palibe kanthu, amagwira."

"Nanga anga ali kuti?"

"Alipo, koma m'chotupa amalowamo ochepa, ndipo chotupa chimadziwa kuwafooketsa. Pali kafukufuku wofuna kuwalimbikitsa. Ndifunsa ngati mungalowemo, koma chiwindi chanu chiyenera kukhala ndi mphamvu kuposa mmene chilili panopa. Sindikufuna kukulonjezani zimene sindingathe."

Ndinafunsa za nthawi. Anati ngati palibe chosintha, tiwerenge miyezi, osati zaka. Lolemba ndituluka ndi mankhwala a ululu, tidzaonananso pakatha milungu iwiri.

Kolala inali yowongoka lero. Ndinawauza kuti ndaona.

Loweruka, 16 Malichi

Ndamuuza mwana. Tinalira tonse, kenako tinadya malalanje.

Ndikubwerera kunyumba kukakhala mayi wachifundo uja mpaka mapeto. Adzandipepesa ndi chipewa m'manja, ndipo tsiku la maliro anga adzafunsa kuti akazi awo aweruka nthawi yanji. Zimenezi zikundiwawa kuposa chiwindi.

Lamlungu, 17 Malichi

Ndilembe msanga mphamvu zisanathe, ndipo mwana wanga, ukamawerenga, dziwa kuti muno mulibe mchere. Unalipo, unaona wekha.

Nthawi ya alendo itayandikira ndinapita kukasamba, ndikukankha chitsulo cha diripi. Sopo atalowa pansi pa pulasitala, kalamba kaja kanavuka n'kugwera m'madzi a pansi. Ndinakatola, zilembo zonse zitasungunuka, dzina langa langokhala kamtambo kabuluu. Ndinakakoleka pampopi n'kutuluka.

Khonde la wodi ndi lalitali, ndipo masana dzuwa limalowa pazenera la kumapeto n'kugona pansi ponse. Ndimayenda pang'onopang'ono ngati ndikuwoloka madzi. Patsogolo ndinaona mwana akulankhula ndi anesi pa tebulo lawo. Bambo ake anali pabenchi la pakhomo, chipewa kumutu, msana chilili. Anthu amalowa, odwala a timalamba pamkono, anesi a ziphaso pachifuwa, iwo amangokodola mutu.

Ndinakonzeka kulandira pepani wanga wa masiku onse. Ndinaweramitsa nkhope kuti ndingodutsa.

Mkono unapingasa.

Sanayang'ane nkhope yanga. Anayang'ana pachifuwa, kenako pamkono pomwe panali mzere wa pulasitala wokha.

"Mayi, chiphaso?"

Ndinagwiritsa chitsulo cha diripi. Mawu anatuluka okha, aang'ono, a mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi.

"Ndachichapa."

Ndinaona nsidze zawo zikusuntha, ngati munthu amene akupisa m'matumba onse a jekete lakale. Diripi inadontha kasanu, ndinawerenga. Kenako pakona pa mlomo wawo panagwedezeka.

"Chauma?"

"Sichinaume."

"Ndiye khala apa mpaka chiume."

Khala. Osati khalani. Mlendo samuuza kuti khala.

Anasendera, anapukuta benchi ndi chipewa, ndinakhala. Anandiyang'ana tsopano, mawanga onse, nsidze zoyera, maso achikasu. Anandigwira tsaya ndi kuseri kwa zala. "Iwe, bulichi ameneyu ndinakuuza kuti uzisamala naye. Taona wadzithira kumaso konse." Ndinati ndamva bambo, ndidzasamala. Anati, "Wachedwa kuweruka lero. Ndakudikira." Ndinati ntchito inachuluka.

Sindikudziwa kuti mawa adzadzuka ndi ndani m'mutu. Mwina pofika kunyumba ndabwerera kale m'thumba. Koma ndili m'thumba, sindinachapidwe.

Tinakhala choncho, dzanja langa lili m'dzanja lawo, dzuwa likutsetsereka pakhonde. Nesi wina anafika ndi kalamba katsopano ndi mankhwala a 3 koloko.

"Amayi, mkono. Popanda aka sindingakupatseni mankhwala."

Pamimba pamapweteka ndithu. Koma ndinabisa mkono kumbuyo.

"Dikirani kaye, mwanangu. Sichinaume."